Woima Kumbuyo kwa Bwana

"Iwe, m'sewero la zigawenga umalikondalo, woima kumbuyo kwa bwana amakhala moyo masabata angati?" Anandifunsa choncho malume oyandikana nafe nyumba kuno ku Bangkok, nditangosiya sukulu.

Malumewa yankho amalidziwa. Kwa zaka makumi atatu ntchito yawo pa kanema ndi imodzimodzi: kuvala suti yakuda, kuima kumbuyo kwa bwana, kuomberedwa. Mtsikana wokongola amapita ndi bwana, iwo amapita pansi. M'mawa uliwonse amadzola mankhwala m'mawondo uku akuseka. "Ndafa kambirimbiri," amatero, "koma mpunga sunandiphonyepo."

Ine ndinkafuna kudziwika. Mnzanga Tawan anali atandipezera malo m'gulu lenileni, loperekeza katundu wa bwana wina pa njinga zamoto. Jekete yakuda anali atandipatsa kale, ndipo ndimayenera kuyamba Lachisanu.

Lachisanulo malume ananditsekereza pakhomo. "Mtembo wathu mmodzi wadwala. Tiye ukagone m'malo mwake."

"Malume, ndili ndi ntchito inetu!"

"Ntchito yake ndi yomweyi, mphwanga. Kungoti kwathu timadzuka."

Anandigwira pamkono, ndipo sindikanatha kuwakanira. Kojambulira kanemako ndinagona ngati mtembo pa simenti yotentha tsiku lonse, nyerere zikundiluma, ndikuwatukwana chamumtima. Pobwerera tinapeza mayi a Tawan akulira pamsewu: apolisi anali atakokolola gulu lonse. Ndinangokhala pansi. Malume anangondigulira mpunga wa nkhuku.

Jekete ija ndaitaya m'ngalande. Lolemba ndikupita nawo, akandiphunzitse kugwa.