Tsiku Limene Anapeta Miyala ya a Zikhale

A Lexon Zikhale ndinawadziwa chifukwa cha zitini. Ine ndimagulitsa misomali, waya wa sefa ndi zitini zopanda kanthu mumsika wa ku Area 1. Chaka chimene maofesi a boma anayamba kusamuka ku Zomba kubwera kuno, aliyense wogula kwa ine anali akumanga kanthu, kaya nyumba, kaya khola. Iwo okha ankafuna zitini zokhala ndi zotsekera, n'kumaziyang'ana m'kati ngati akugula mbale.

Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wosachedwa kupsa mtima. Mudzi wawo unali pamene pakudutsa msewu wa ku City Centre, ndipo makatapila atafika, anthu anasamutsidwa. Ali mnyamata anagwirapo ganyu kuphanga lina la ku Dedza, kusefa dothi kwa anthu ofufuza zakale. Kumeneko n'kumene maso awo anaphunzira kusiyanitsa mwala wosweka wokha ndi mwala woswedwa ndi munthu. Tsopano ankakumba ngalande za mapaipi ku Area 11, kumene ankamanga nyumba za akuluakulu.

Tsiku lina ananditambasulira chikhatho. Munali kachibenthu ka mwala woyera, kochepa ngati chikhadabo.

"Kagwire kuno," anatero. "Osati uko, ukudzicheka!"

Kanandicheka ndithu.

"Wakucheka ndi munthu amene anafa agogo a agogo ako asanabadwe. Ukuona potupapa? Ndi pamene anamenya. Mbali iyi anaibunthitsa dala kuti ailowetse pa mtengo wa muvi. Awa ndi aja timawatcha Akafula."

Zibenthu zoterezi anali atazipeza pakhoma la ngalande, pamalo amene panayenera kukhala maziko a nyumba ina. Sankangotola. Chitini chilichonse chinali ndi kuya kwake, ndipo ankachimanga kansanza: kofiira kwa zimene zatuluka dzenje likufika m'maondo, koyera kwa za m'chiuno, kakuda kwa za pachifuwa. Ankati mwala wokha sunena kanthu, chimene chimanena ndi pamene unagona ndi anzake amene unagona nawo.

Mwa mwayi anakumana ndi bambo Orton, munthu wa ku Rumphi wogwira ntchito ya boma yoyang'anira zinthu zakale. Bamboyo anawauza zomveka. Ngati zitinizo zikusonyeza kuti zapansi zikusiyana ndi zapamwamba, adzakhala ndi chokauza omanga kuti ayambe adikira, malowo akumbidwe bwino, ndipo a Zikhale ndi amene adzatsogolere okumbawo. Apo ayi, konkire ithiridwa sabata yotsatira. Anapangana kuti adzaone zitinizo Loweruka masana.

Vuto linali kunyumba. A Zikhale ankakhala pa puloti ya alamu awo, a Jobu, mlongo wa akazi awo a Alinesi. Ine ndimachita lendi chipinda pomwepo, choncho zonse ndinkazimva. Mkamwini amakhala mkamwini ngakhale m'tauni. A Jobu ankawaseka m'mawa ndi madzulo.

"Alamu, lero mwakolola matumba angati? Evelesi, pita ukaone ngati miyala ya abambo ako yapsa, tidye!"

Koma atamva kuti kukubwera bwana wa boma, a Jobu anasintha ngati nanzikambe. Anali akufunafuna wowathandiza kupeza puloti ina, ndiye anaona kuti mwayi wagogoda. Loweruka m'mawa a Zikhale atapita kuntchito, ine kumsika, analamula kuti bwalo lisesedwe ndipo nkhuku igwidwe. Kenako analowa m'chipinda cha alamu awo n'kutulutsa zitini zonse. Mlendo wolemekezeka, iwo anati, saonetsedwa zinthu zadothi m'zitini zadzimbiri. A Alinesi anayesa kunena kuti adikire mwini wake, koma anangouzidwa kuti pakhomopo mwini wake ndi mmodzi.

Amayiwo anachita zimene manja awo amadziwa. Anakhuthulira zonse m'beseni limodzi, n'kutsuka, n'kuyanika. Zitauma anazipeta m'lichero ngati nyemba, tizidutswa tating'ono n'kukataya kudzala pamodzi ndi phulusa. Zotsalazo anaziunjika pamphasa milu itatu, zazikulu, zapakati ndi zazing'ono, monga timachitira ndi tomato. Nsanza zija anakolezera moto wa nkhuku.

Ndinatseka benchi yanga msanga kuti ndikaonerere, ndipo ndinafika pamodzi ndi a Zikhale ndi mlendo wawo. A Jobu anali pakhomo atavala jekete.

"Takulandirani, bwana! Takukonzerani kuti musavutike."

A Zikhale anaima chilili. Anayang'ana mphasa, anayang'ana zitini zovundikiridwa pathandala kuti ziume.

"Mayi a Evelesi, wachita izi ndani?"

"Ndi achimwene, bambo. Ine ndinanena."

"Mwanena! Mwanena, kenako mwatenga lichero!"

"Alamu, ulemu pamaso pa alendo," anatero a Jobu. "Si miyala yanu yomweyo? Yasowa ndi iti? Tangochotsa zinyalala."

"Zinyalala? Munandiseka chaka chonse, sindinayankhe. Munanditcha wamisala pamaso pa mwana wanga, ndinakhala chete. Bwanji simunapitirize kundiseka? Kuseka kwanu sikunaphwanye kanthu. Lero mwati mundithandize!"

Bambo Orton ananjuta pamphasapo, n'kutenga mwala umodzi umodzi, kuutembenuza padzuwa. Anati kutsukako si mlandu, ndipo zinazo n'zida zenizeni, zosemedwa bwino. Kenako ananyamula chimodzi chooneka ngati kamwezi.

"Bambo Zikhale, ichi chinachokera pakuya kotani?"

A Zikhale anachiyang'anitsitsa. Kungoyeza ndi maso, zimene zinatsala pamphasa sizinkafika theka la zimene ndinkaziona m'zitini, ndipo zonse zinali zitayera mofanana.

"Mwina m'chiuno. Mwina pachifuwa."

"Alamu, ingonenani chimodzi!" a Jobu ananong'ona, koma tonse tinamva. "Bwanayu analipo? Adziwa bwanji?"

Apa m'pamene a Zikhale anakalipa mpaka ana a pa puloti yoyandikana anakwera pampanda.

"Ndinene bodza kuti akalilembe m'buku, ana a sukulu azidzaliloweza? Inu mumagulitsa mbuzi yodwala mutaisambitsa, ndiye mukuganiza kuti dziko lonse ndi msika! Bwana, sindikudziwa. Dzulo ndinkadziwa. Lero sindikudziwa."

Bambo Orton anapempha kuti apite kudzala. Anafukula phulusa ndi kamtengo, a Zikhale ndi manja, koma nkhuku zinali zitapalasa kale. Bambo Orton anaika zida zingapo m'thumba n'kunena mosabisa kuti ndi mulu wosakanizika sangaimitse ntchito ya omanga. Nkhuku ya a Jobu sanaidye.

Konkire inathiridwa. Nyumbayo ilipo, ya mpanda wa maluwa, ndipo a Zikhale akamapita kuntchito amazungulira msewu wina.

Chimene chimandiwawa ine n'chakuti a Jobu mpaka lero amafotokoza nkhaniyi kumowa ngati ya mkamwini wosayamika. Amati anam'sesera bwalo, anam'phera nkhuku, iye n'kuwanyoza pagulu. Ndipo anthu amawavomereza! Palibe amene amafunsa kuti analowa bwanji m'chipinda cha munthu wamkulu, wa mkazi ndi mwana, osaodira. Mzinda uno tikuumanga mothamanga, ndipo ine ndikuukonda, ukundidyetsa. Koma tikuthira simenti pa zinthu zimene sitinazione n'komwe, ndipo munthu mmodzi amene anawerama kuti aone tinamupetera ntchito yake kudzala.

Mwezi womwewo a Zikhale anasamuka pa puloti ija. Anapeza kachipinda kodontha ku Mchesi. A Alinesi analira masiku angapo, abale awo akuwaletsa, koma pamapeto pake anamanga katundu n'kuwatsatira ndi Evelesi. Utsogoleri wa okumba uja sunabwerenso. Akadali ndi piki ndi fosholo, ndipo kapitawo wawo amawadandaula kuti amachedwa, amangoyang'ana makoma a ngalande.

Ndinawauza kuti ma Area amene sanakumbidwe ndi ambiri kuposa amene akumbidwa, ndiye mwayi ulipobe. Anandiyang'ana mokwiya.

"Ambiri, inde. Koma uja unali umodzi."

Kenako anandifunsa ngati ndili ndi loko wolimba, wa makiyi osafanana ndi a wina aliyense.