Mawu Osadziwa Kukalipa

Inu odandaula kuti Mulungu anakupangani molakwitsa, mwanditopetsa. Ine ndinayamba ndi manja awiri okha, lero ndege ndimakwera ngati minibasi, koma mtsikana wamakani ngati Jovelyn Tupas sindinamuone kwina. Tamverani.

Tsiku limene bwana Macaraeg anamuvula mahedifoni pamaso pa anzake, Jovelyn anapsa mtima koopsa. Anali atachoka kwawo ku Iloilo kudzayankha mafoni pa kampani ina ya intaneti ku Manila, likulu la dziko lawo. Chomupha chinali pakamwa. Anthu a ku Iloilo amayankhula ngati akuyimba, ngakhale akukutukwana umayesa akukufunsira. Ndiye kasitomala wokwiya akamva kayankhulidwe kameneko ankati akumuseka.

"Inday, kuno si kukwaya," anatero bwanayo, kumutchula dzina loitanira antchito a m'nyumba. "Munthu akulira kuti intaneti yafa, iwe ukumuyimbira yogonetsa mwana? Mwezi ukatha kakwere sitima, uzipita kwanu."

"Bwana, musandiyese! Ndakwiya ine!"

Ofesi yonse inafa nacho chiseko.

"Takwiyanso pang'ono, Inday," anatero wina kumbuyo, "mutu wanga wayamba kupola."

Anamutaya m'kachipinda ka makina oulutsira mawu kwa anthu odikira pa foni, kuti amalize mwezi wake kumeneko. Jovelyn sanagonje. Ankaluma pensulo n'kumayeserera kuyankhula mouma ngati a ku Manila, m'bafa, m'jipu yonyamula anthu, paliponse. Anachonderera kuti amuyesenso. Analepheranso. Pensulo zinatha, nyimbo osatha.

Kenako kunagwa chimphepo chamkuntho, mawaya n'kuduka theka la mzinda. Jovelyn anafika kuntchito atawoloka madzi ofika m'mawondo, wanjala, nsapato imodzi itapita ndi madzi. Anapeza mzere wa odikira utatalika, makina akubwereza mawu akalekale a bambo wina wosalala lilime: "Foni yanu ndi yofunika kwa ife. Kuti muthandizidwe msanga, pitani pa intaneti."

Pa intaneti! Anthu amene intaneti yawo yafa! Aliyense wofika kwa woyankha ankafika akulavula moto.

Macaraeg analowa thukuta lili kamukamu. "Wojambula mawu watsekeredwa ndi madzi. Nena chilichonse, bola bamboyu akhale chete!"

Jovelyn anaona kuti ntchito yatha kale. Anagwira maikolofoni n'kukhuthula zonse za kukhosi.

"Tikudziwa kuti yafa! Kwathunso yafa! Anyamata ali m'madzi akulumikiza mawaya, mukufuna aziuluka? Musadule foni, mukadula mukayambiranso kumapeto kwa mzere. Pitani mukatereke khofi, ife sitithawa!"

Anatenga chikwama chake kuti azipita.

Koma paja ukali wa ku Iloilo. Pa foni zinamveka ngati azakhali ako akukusisita pamsana. Mawu omwe aja amene ankawawa kwa munthu wofuna yankho anakhala mankhwala kwa munthu wodikira, chifukwa wodikira amangofuna kumva kuti sanaiwalidwe. Anthu anasiya kudula. Ankafika kwa oyankha akuseka. Gogo wina anachita kupempha kuti amubwezere pa mzere, khofi wake anali asanathe.

Macaraeg anamupeza pa masitepe.

"Ate Jovelyn, tadikirani."

"Ndasanduka liti achemwali anu? Ndikadali wokwiya ine, bwana."

"Chonde, musasiye."

Sitima ija sanakwere. Lero ali ndi situdiyo yakeyake yojambulira mawu, ndipo mukaimba ku sitolo zanga, zomwe si zochepa, wokudikiritsani ndi iyeyo. Tsiku lina anandikalipira chifukwa chofika mochedwa. Ndinatuluka ndikumwetulira ngati andipatsa mphatso, iye n'kutsala akumenya tebulo.

Ndiye inu, chimene akukusekani nachocho lekani kuchilumira pensulo. Mwina mwangochiyika pa foni yolakwika. Musadule, khalani pa mzere, ndipo mtima wanuwo musautaye.