Tsiku lomwe ndinagwetsa apampando pansi

Sukulu ndinasiyira fomu 2. Musandifunse chifukwa, ndinatopa nako kufotokoza. Ndinkagulitsa zitumbuwa pamsika wa Mtakataka pomwe a Mwale, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Mua, anandiona ndikukweza thumba la mpunga panjinga ndekha. Anati mawondo awo atha, akufuna munthu wowanyamulira telesikopu m'masukulu. Sindinadziwe kuti n'chiyani, koma ndinavomera.

Chinali chimpope choyera choonera nyenyezi, chotalika ngati mkono, choima pa miyendo itatu. Usiku ana sakhala kusukulu, ndiye tinkawaonetsa dzuwa. Lamulo linali limodzi: diso lisafike pagalasi loyang'anira. Ndinkatembenuza chimpopecho ndikuyang'ana chithunzithunzi chake pansi mpaka chitachepa n'kukhala chozungulira, kenako n'kumanga bawuti. Ndikagwira katoni yoyera kuseri kwa galasilo, dzuwa linkatera pamenepo ngati mbale, lili ndi timadontho takuda. A Mwale ankauza ana kuti kadontho kena n'kakakulu kuposa dziko lathu lonse. Ana ankaseka. Inenso poyamba ndinkati akuluwa akunama.

Ndinaikonda ntchito imeneyo, ndisabise. Dzuwa silichedwa kuthawa pakatoni, ndipo ine ndekha ndinkadziwa kulibweza. Ana a sitandade 8 ankanditchula kuti madamu, ine wolephera sukulu.

Tsiku lina m'chilimwe tinali pasukulu ina ya ku Golomoti. A Mwale anaitanidwa ku ofesi kukasaina buku la alendo. Ine ndinatembenuka kuti ndifoletse ana, ndipo pocheuka ndinaona apampando a komiti ya sukulu, bambo aimvi ovala jekete, akuwerama kuti asuzumire pagalasi. Ndinawauza kuti asayang'anemo, apsa diso.

"Iwe mtsikana, wayamba liti kulangiza akulu?" anatero, n'kupitiriza kuwerama.

Ndinawakankha ndi manja onse awiri. Anakhala pansi m'fumbi, chipewa uko, ana onse n'kufa ndi phwete.

Ahedi anatuluka ali lawilawi, akuti ndigwade ndipepese. A Mwale sanatsutse. Anatola khoko la chimanga n'kuligwira pomwe pakanakhala diso la apampando. Posakhalitsa linayamba kufuka, n'kubooka. Onse anaona. Apampando anasasa jekete n'kunena kuti zimenezo azimva, koma mwana wamkazi sagwetsa bambo pamaso pa adzukulu ake. A Mwale anandiyang'ana, ndipo ndinagwada. Dothi linkawotcha. Mpaka lero ndikakumbuka, mtima umandiwawa.

Pobwerera tinayenda mtunda wautali, ine ndikukankha njinga. Kenako a Mwale anati: "Kuwakankha unachita bwino, Esinati. Kulakwa kwako n'kupereka msana osavindikira galasi."

Ndinafuna kuwasiyira katundu wawoyo pamsewu pomwepo. Koma ankanena zoona. Kuyambira tsiku limenelo ndikafuna kusuntha ngakhale phazi limodzi, ndinkayamba ndavindikira. Munthu wamkulu sungamuletse ndi pakamwa, umangochotseratu chomupweteka iye asanafike.

Tinayenda limodzi chaka china chimodzi, kenako ana awo anawatengera ku Lilongwe, telesikopu n'kupita nawo. Ine ndinabwerera ku zitumbuwa. Ndimawasowa akulu aja, ndi phokoso la ana dzuwa likatera pakatoni.

Apampando amadutsabe pamsika pano. Sanandipatsepo moni, ndipo sagula kwa ine. Amangondiyang'ana moipidwa, ndi maso awo onse awiri.