Thumba Limene Ndinamutwika Mwana Wanga

Mwana wanga wamkazi wachiwiri anasiya kusamba ali ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri. Mwezi woyamba ndinati ndi mimba, ndinavina. Wachiwiri ndinavina. Wachisanu mimba osaoneka, iye thukuta kamukamu ngakhale mu Juni, mwera uli kuwomba. Atandiuza kuti mwezi wamusiya basi, ndinavinanso, poti ana anali nawo kale atatu, ndipo ine ndinaonapo mwayi.

Kwathu kuno mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, kuopa kudula anthu. Tsono pokolola mpunga ku sikimu ya ku Lifuwu timaphikira pamodzi, ndipo tsiku ndi tsiku pamakhala kufunsana: athire mchere ndani? Uyu ayi, uyonso ayi. Mwana wanga anasanduka wa mchere wa masiku onse. Pamaliro amuitane, pachinkhoswe amuitane. Amayi anzanga ankati, "Mwana wanu ali ngati mwamuna tsopano. Magazi satayikanso, mphamvu zonse zikutsalira m'thupi." Ine ndinamva kukoma, ndinakhulupirira. Ndowa yaikulu, yake. Mtolo waukulu wa nkhuni, wake. Zaka zisanu ndi chimodzi, chachikulu chilichonse, chake.

Tsiku limenelo tinali titapuntha mpunga, tathira m'matumba, kwatsala kututira kumsewu. Iye anagwira m'chiuno.

"Amayi, msanawu ukundiluma kuyambira sabata yatha."

"Msana wa mwana udziwa chiyani? Wangawu wabereka asanu ndi atatu, sunadandaulepo. Konza nkhata ndikutwike."

"Inu mumaimba ngakhale potuma munthu," anatero akuseka, nawerama.

Ndinamutwika ndine, ndi manja angawa, tili awiri ndi mpongozi wanga. Anayenda mapazi anayi m'mbali mwa ngalande. Sanapunthwe, sanaterereke. Tinangomva thyo, ngati bango louma. Thumba pansi, iye n'kukhala pang'onopang'ono, maso ali tong'o.

"Amayi, musandigwire."

Nyimbo zanga zonse balala. Tinamunyamulira pachitseko mpaka kumsewu, galimoto n'kutifikitsa kuchipatala cha ku boma. Atamujambula mafupa, adokotala, mayi wa msinkhu wa mwana wanga yemweyo, anandiitana pafupi ndi bedi.

"Agogo, anagwa mumtengo? Anagundidwa ndi njinga yamoto?"

"Ayi, ndi thumba la mpunga. Amasenza chaka ndi chaka."

Anamufunsa iye za kumwezi, koma ndinayankha ndine, monyadira ndithu: "Ameneyu anapuma kalekale, akadali mtsikana."

Adokotala anaika cholembera pansi.

"Agogo, mumadziwa chimanga chofumbwa. Kunja chabwinobwino, mukachifinya ufa wokhawokha. M'thupi la mkazi muli chinthu chimene chimabweretsa msambo, ndipo chomwecho chimasunga mafupa. Chikatha msanga, zaka makumi anayi zisanakwane, mafupa amafumbwa mkati mwakachetechete. Fupa limodzi la msana laphwanyika. Mwina mafupa anu ndi olimba kuposa ake."

Anga? Ine wa mano asanu m'kamwa, ine wa imvi mbuu? Ndinayang'ana chithunzi chija, ndinayang'ana mwana wanga, ndinayang'ana manja anga.

"Tinkati ndi mphamvu," ndinatero.

"Ambiri amatero, kapena amangobisa. Mukanabwera chaka chimene anasiyacho, tikanamuyambitsa mapilitsi obwezeretsa chimene chinathacho."

"Adzayenda?"

"Akagona monga tikunenera, namwa mankhwala osadumphitsa, ayenda. Za kusenza iwalani."

Mwana wanga, ululu uli tho, anatembenuza mutu. "Mwamva, amayi? Nkhalamba pano ndine. Moni muzindipatsa mutagwada."

Odwala a mabedi oyandikana anaseka. Ine kuseka kunandikanika.

Kunyumba anagona masabata ambiri. Ndinkamutembenuza ngati khanda, ndinkamusambitsa ngati khanda. Usipa ndinkamupatsa ndi mitu yomwe, ndi minga yomwe, poti adokotala anati mafupa amafuna zimenezo. Chisoso, bonongwe, mkaka ukapezeka. M'mawa ndimutulutse aothere dzuwa, nditenge mapilitsi, ndiime pomwepo mpaka ameze. Amayi anzanga aja akabwera kudzazonda ndinkawauza zonse, osasiyako: wanu akasiya msanga, kuchipatala, osati kumatumba. Ena ankagwedeza mutu, ena ankati ndi za anthu, wina wamuponda. Ndinkawaonetsa chithunzi padzuwa.

Tsiku loyamba kuimirira, anagwira phewa langa. Mwana amene ndinkamuyang'ana chokweza khosi, maso ake anali pa maso anga, ndendende. Wafupika. Ndinatembenukira kukhoma kuti asaone nkhope yanga.

Mpunga wotsatira utayamba kucha, anati akufuna akaone munda wake. Ndinakana, anakakamira. Tinanyamuka, iye patsogolo ndi ndodo, ine pambuyo manja ali tambalale ngati ndikutsata mwana wophunzira kuyenda. Pamthunzi uliwonse tipume, pamthunzi uliwonse tipume. Tinafika. Mpheta zinali zitadzaza m'munda, zikudya ngati zinalima nawo.

"Ntchito yanga yapezeka," anatero. "Ndipatseni chitini ndi kamtengo. Kuingitsa mbalame sikufuna nkhata."

Anaima yekha pamzere, osagwira munthu, nayamba kuimba chitini. Mbalame zinauluka zonse, ine ndili chiimire kuwerenga mapazi amene anayenda kuchokera kunyumba.