Ulendo Wokasudzula Mpongozi Wanga ku Likoma

Amene anayamba kundiuza za imfa ya mwana wanga Lusiano ndi a Barnaba, kalaliki wa ku fakitale ya tiyi, amene kwawo ndi ku Likoma. Anandipeza m'munda dengu lili kumsana, iwo kalata ili m'manja, navula chipewa, nati, "Mayi, tatulani kaye dengulo." Ndinadziwiratu. Lusiano anasiya kuthyola tiyi n'kukalowa ntchito pa sitima ya pamadzi, ndipo pachilumba cha Likomacho anakwatira mtsikana dzina lake Monika, amene ine ndinali ndisanamuone. Tsiku lina ali pa tchuthi anapita kokawedza ndi alamu ake, mphepo ya mwera n'kugubuduza bwato. Anamuika komweko. Mwana sanasiye.

Itapita miyezi inayi kunabwera kalata ina. Akuti Monika akadali pa maliro, tsitsi sanamete, nsalu ndi yomwe ija, chifukwa akwawo sangamumasule popanda munthu wakuchimuna kubwera kudzamusudzula. Oyenera kupita anali achimwene anga a Namakhwa, monga malume ake a malemu, koma anakana. "Adikire! Anatitengera mwana wamoyo, iwo n'kutibwezera pepala." Ndisaname, mtima wanga unkagwirizana nawo. Koma inenso ndinafedwapo mwamuna, ndipo kuyabwa kwa tsitsi la maliro ndimakudziwa. Ndinapemphera sabata yathunthu, kenaka ndinamanga kamtolo kanga, mkwiyo ndinamangira momwemo.

Ndinanyamuka Lolemba m'mawa, mwezi wa Okutobala, mvula isanagwe, masamba akadali ochepa, mwakuti akapitawo sanavute. Ndinakwera lole yonyamula mabokosi a tiyi kupita ku siteshoni ya Luchenza. Adalaivala anakana ndalama, koma mbatata yootcha sanakane. Tikiti ya sitima ya pamtunda mpaka ku Chipoka inali masheleni khumi ndi awiri, ndipo anandigulira ndi amayi anzanga a kumpingo, Mulungu awadalitse. Mipando inali ya matabwa, utsi ukulowa pazenera, moti pofika ku Limbe mpango wanga woyera unali utasanduka wamaliro wokha.

Kupitirira Blantyre, tikutsikira kuchigwa, kunayamba kutentha ngati pafupi ndi ng'anjo youmitsira tiyi. Pa Balaka ndinagula zitumbuwa za tiki, n'kugawana ndi mayi wina amene anali ndi nkhuku zitatu pamiyendo.

"Nanga anzathu, ulendowu ndi wa ukwati kapena wa maliro?" anafunsa.

"Ndikukatseka zonse ziwiri," ndinatero.

 Pamene mayiyo ankatsika anandisiyira mazira awiri owiritsa.

Pa Chipoka ndi pamene ndinaona nyanja koyamba. Ife a ku Thyolo madzi aakulu amene timawadziwa ndi damu la pa esiteti. Ndinafunsa bambo wina wosoka ukonde kuti, "Kodi tsidya lake lili kuti?" Iye osadzutsa n'komwe mutu anati, "Lilipo mayi, koma lero silinabwere." Anthu anaseka, nanenso ndinaseka.

Sitima ya pamadzi inanyamuka Lachitatu. Ife a tikiti yotsika mtengo anatiika pansi, pakati pa matumba a chimanga ndi mbuzi. Itangoyamba kugwedezeka, mazira aja anabwerera njira yomwe anadzera. Ndinagwira chitsulo n'kuyamba kupemphera mokweza, ndipo ndinazindikira mochedwa kuti ndikupemphera m'Chilomwe, chimene ndimayankhula kokha zinthu zikavuta. Mmodzi wa antchito a m'sitimamo, bambo wa imvi dzina lake a Tomasi, anaima n'kumvetsera.

"Chiyankhulo chimenechi ndinachimvapo kwa mnzathu wina wa ku Thyolo, malemu Lusiano."

Nditawauza kuti ndine mayi wake, anakhala pansi pa thumba. "Mwana wanu uja ankatinyoza, mayi. Akuti tiyi wathu ndi madzi otsukira makapu. Akaphika yekha, lilime limachita dzanzi mpaka madzulo." Ndinaseka misozi ikutsika. Kenaka anati, "Sitima ikangolira pa Likoma, mkazi wake ankadutsa chilumba chonse wapansi, chakudya chili pamutu, kuti mwamuna wake adye chotentha. Ngakhale titaima kanthawi kochepa."  Mawuwo ndinayenda nawo kudutsa Nkhotakota mpaka tinafika.

Tinafika pa Likoma Lachisanu m'mawa. Sitima siifika kumtunda, amakutsitsirani m'boti, ndipo botilo limakusiyani madzi ali m'mawondo. Ndinakuwa ngati ndaponda njoka. A Tomasi anandipereka m'manja mwa mayi wina, a Sofiya, oyandikana nyumba ndi akwawo a Monika. Tinayenda kupitirira ola, kanjira ka miyala, malambe akuluakulu uku ndi uku, timinda ta chinangwa touma. Ndinadzifunsa kuti mwana wanga anasiyiranji mapiri obiriwira n'kudzakonda dziko la miyala.

Kenaka njira inatsika pakati pa matanthwe awiri, ndipo a Sofiya anati, "Tafika." Abale anga, malo amenewo munthu sangawaone kufikira atawaponda. Nyanja inalowa m'kati mwa mtunda mozungulira ngati mkombero wa lichero, mchenga uli mbuu ngati ufa woyanika pamphasa. Madzi ake oyera moti timiyala ta pansi mumatiwerenga. Nyumba zinalipo zisanu zokha, mabwato atatu, ndi usipa woyanika pathandala. Kutsidya kunkaoneka mapiri a dziko la Apwitikizi, kumene amayi anga anachokera wapansi ali mtsikana. Kunalibe belu la fakitale, kunalibe wokuwa kuti fulumirani. Nditangoponda mchengawo, mapazi anga ozolowera mame a m'tiyi anapsa, ndinadumphadumpha ngati ndikuvina tchopa. A Sofiya anaseka mpaka kutula katundu. "Pondani m'mbali mwa madzi, inu a kumapiri!"

Monika anatuluka m'nyumba, wowonda, tsitsi litapotana. Anagwada patali ndithu, nati, "Takulandirani, apongozi." Ine ndinayankha mouma, "Zikomo, apongozi. Mundionetse pamene agona." Manda anali pakamtunda pamwamba pa mchenga, atazunguliridwa ndi miyala yoyera yosankhidwa bwino. Panalibe tsamba ngakhale limodzi, ndipo mizere ya tsache inali ya m'mawa womwewo. Ndinagwada, ndinalira, ndinathokoza Mulungu kuti mwana wanga sanagone ngati mlendo.

Loweruka m'mawa anayala mphasa pansi pa mtengo wa mango. Malume ake a Monika, a Yakobo, anaika mbale patsogolo panga kuti ndiikemo chisudzulo ndi kunena mawu. Ndinamasula mfundo ya nsalu yanga, koma ndisanaponye kandalamako Monika anayankhula, maso ali pansi.

"Apongozi, ndifunse nawo. Mukandisudzula, manda aja ndizisesabe? Kapena ndikhala munthu wapadera?"

"Khala chete iwe," anatero a Yakobo. "Amayiwa achokera kutali kudzakumasula."

Apo ndi pamene ndinazindikira kuti kalata ija anaifuna ndi akuluakulu. Mwiniwakeyo miyezi yonseyi ankaopa kubwera kwanga. Ine ndinkaganiza kuti akufuna kuthamangira banja lina, pamene iye ankaona ngati ndabwera kudzamulanda chokhacho chimene anatsala nacho.

Kwathu mpongozi satchulidwa dzina, ndipo sanenedwa kuti iwe. Koma pakamwa panga panatuluka zokha. "Iwe Monika, tandiyang'ana." Amayi amene anali pamenepo anang'ung'udza. "Ndakusudzula kwa Lusiano, kwa ine sindinakusudzule. Upongozi watha lero, watsala ndiwe mwana wanga. Akadzabwera mwamuna wabwino ukwatiwe, ndipo undilembere. Manda usese pamene mtima wafuna. Tsiku limene udzatope usadziimbe mlandu, Mulungu saiwala pamene anagoneka munthu wake." Ndinaponya kandalama m'mbale, kanalira.

Anakwawa n'kudzaika mutu pamiyendo panga. Ndinapempha lumo, ndinamumeta ndekha. Pambuyo pake amayi anapita naye kukasamba kuseri kwa thanthwe, ndipo iye anandigwira dzanja n'kundilowetsa m'madzi mpaka m'chiuno, ine amene dzulo lake ndinakuwa nawo m'mawondo.

Ndinakhala komweko masiku asanu ndi atatu kudikira sitima, ndikudya nsima ya chinangwa imene imakakamira ku zala ngati ulimbo. Ndinabwerera ku Thyolo mvula yoyamba itagwa. Chimene ndinaphunzira n'chakuti munthu amene simunamuone n'chapafupi kumuda. Ndikanakhala m'munda mwanga ndikanafa ndikudana ndi mwana amene ankasesa manda a mwana wanga.

Inu amene mwawerenga, mukamagwada mutikumbukire: Monika kuchilumba kuja, kuti apeze banja la mtendere, achimwene anga amene mtima wawo sunapolebe, ndi ine mayi wa ana awiri, mmodzi wogona, mmodzi wamoyo.