Mfuti ya Abwana ndi Zala Zanga

Abwana anga a ku Rosebank, ku Joni, omwe ndinkawasamalira maluwa, anali ndi mfuti yamasewera yomwe ankakawombera nayo zitini Loweruka. Tsiku lina anaitanitsa zitsulo kunja zoti mfutiyo izidya tizipolopolo tating'ono tosanjidwa pa lamba, ngati za asilikali a m'mafilimu. Ntchito yosanja tizipolopoloto inagwera ine.

Mfuti ija inali ndi matama. Ikalira pang'ono inkatsamwa, lamba n'kumalendewera ngati lilime la galu wotopa. Abwana anaisinthira zipolopolo, anaipukuta, anaidzoza mafuta, anafunsanso anzawo pa intaneti. Anzawowo anati tizipolopolo totere n'tofooka ndipo timadetsa mfuti msanga, choncho kutsamwa ndi khalidwe lake. Koma abwana anatulukira okha gwero la matenda, lomwe linali zala zanga. Akuti zinali ndi dothi la m'maluwa, ndiye ndizisamba m'manja kaye. Nditasamba, akuti sopo akuterera. Mapeto ake anandigulira magolovesi oyera, ndipo ndinkasanja zipolopolo ndikuoneka ngati namwino.

Malume atamwalira ndinapita kwathu ku Machinga, abwana n'kutsala akusanja okha. Foni inalira ndili pasiwa.

"Yatsamwanso," anatero abwana. "Unaizolowetsa manja ako. Ubwera liti?"

Ndinawapepesa, poti ntchito ndinkaifunabe. Ku Joni chinthu chikakanika, anthu amayamba ayang'ana ngati pali Mmalawi pafupi. Ine ndinali nditadutsa malire a mayiko atatu, koma mlandu unandipezabe.