Mchere wa m'magazi a amayi

Titabwerera ku Zóbuè kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, amayi anayamba kuonda ndi kumwa madzi ngati ng'ombe. Minofu ya m'miyendo inkawakokana mpaka kukhala pansi pakati pa munda. Ukwati wanga unali utayandikira, ndipo amayi, amene anavinira ana a eni ake ngakhale kumsasa wa othawa nkhondo, ankaopa kuti pa wa mwana wawo adzangoonerera ali pamkeka. Zimenezi zinkawapweteka kuposa miyendoyo.

Bambo anawakweza shapa, minibasi ya kwathu kuno, kupita nawo kuchipatala ku Moatize. Kale ankakumba malasha kumeneko, tsono ankadzitama kuti Chipwitikizi chawo sichifuna womasulira. Anabwerako ndi nkhani ziwiri: amayi ali ndi matenda a shuga, komanso mchere wa m'magazi wawachepera. Mapilitsi analinso amitundu iwiri, ena a shuga, ena obwezeretsa mcherewo.

"Nkhaniyi njosavuta," anatero bambo. "Shuga wachuluka, mchere wachepa. Tithire mchere, shugayo athawa yekha."

Anthuni, tinaudya mchere. M'ndiwo, m'phala, mpaka m'tiyi wa amayi. Bambo, munthu amene sanapondepo kukhitchini chikwatirire, ankaima pakhomo atafumbata mchere kudikira kuti nditembenuke. Mapilitsi a mchere aja anawasomeka padenga, amvekere wa m'botolo ngwachiyani wathu ulipo. Amayi mapazi anayamba kutupa, kukokana kuli pompo. Ndinapsa mtima, ndipo ulendo wotsatira ndinakwera nawo shapa ndisanaitanidwe.

Namwino, mayi wachinyungwe wamfupi, atamva za mchere wathuwo anaseka mpaka kugwira tebulo. Atatha kuseka anakalipa.

"Bambo, inu mwati munkagwira mumgodi. Mwala uliwonse wa pansi paja ndi malasha?"

"Iyayi, mayi."

"M'magazinso mchere ulimo wamitundumitundu. Umene ukutayika ndi mkodzo mwa akazi anuwa si wa mumphika ayi. Wa mumphikawo muchepetse, mukuwapweteka nawo."

Anati amayi mapilitsi onse azimwa, azidya nyemba, masamba ndi mapeyala, ndipo adzabwerenso kudzayezetsa magazi. M'shapa, titafika pa Kambulatsitsi, bambo anati namwinoyo poyamba paja ankayankhula mothamanga. Amayi anaseka mpaka misozi.

Bambo sadziwa kuchita zinthu pang'ono. Khama lonse lija analitembenuzira kumasamba. Bonongwe, chisoso, nkhwani, ankabwera nazo zodzadza pa njinga, ndipo nthawi ya mapilitsi ikakwana ankawaitana akazi awo ngakhale ali kwa aneba. Ndinkawaseka, koma ndinkawakonda kwambiri masiku amenewo. Kutupa kunaphwa, kukokana kunayamba kubwera patalipatali, ndipo titayezetsanso namwino anati mchere wabwerera m'malo mwake. Shuga ndiye anati sadzachoka, tizingomuweta.

Tsiku la ukwati, titatuluka m'tchalitchi, ng'oma zinayamba pabwalo. Amayi anamanga chitenje m'chiuno n'kulowa pakati. Ine mtima unali m'mwamba. Nditaona akuwerama mpaka mawondo kutsala pang'ono kugunda pansi, ndinaganiza kuti miyendo yawagwiranso. Ndinasiya mwamuna wanga pampando, ndinathamanga ndi diresi langa kukawagwira mkono, misozi ili m'maso.

Anandisasa osandiyang'ana n'komwe.

"Sendera uko, mwanawe, ukunditchingira bwalo."